MNYANGA WA PANSI NDI NSALU ZA KU TETE

Amene anafikapo pa Mkaika tsiku Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti akulidziwa fumbi la pamenepo. Limayamba m'mamawa, magalimoto a ku Lusaka, a ku Lilongwe ndi a ku Tete akamapatuka mumsewu waukulu, ndipo pofika masana limakhala litakuta aliyense mosasankha, nduna ya boma ndi mayi wogulitsa vitumbuwa chimodzimodzi. Ng'oma zili m'kamwa, Kalonga Gawa Undi amatuluka ku Gwalada nalunjika ku bwalo la Dzimbabwe. Akakhazikika, mafumu amayamba kuitanidwa imodziimodzi, a kuno kwathu monga a Kawaza, a Mbang'ombe, a Kathumba ndi a Pembamoyo a ku Vubwi, kudzanso a ku Malawi ndi a ku Mozambique. Mfumu iliyonse imafotokoza za m'dziko lake, kutula mphatso zake, n'kutulutsa gule wake.

Mphatso za masiku ano ndi mbuzi, matumba a chimanga, mabulangete, ndi ndalama za mu envulopu. Mlendo wongobwera kudzajambula zithunzi amaona ngati ndi chionetsero chabe, ndipo tisabise, ana athu ambiri amaona chimodzimodzi. Komatu chimene chimachitika pabwalopo ndi mbiri ya zaka mazana anayi imene eni ake akuyichitanso ndi matupi awo, pamaso pa anthu. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu mu 1934, ndipo unakhala chigonere zaka 50 mpaka pamene Kalonga Gawa Undi Chivunga anaudzutsanso mu 1984. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pamodzi pabwalo lomwelo.

Funso limene sindimva kawirikawiri pa Mkaika ndi ili: kodi makolo ankatula chiyani? Nanga zimene ankatulazo zinkathera kuti? Yankho lake likutitengera kumwera, kumtsinje wa Zambezi, kumene kunali msika.

Lamulo la mnyanga wa pansi

Mbiri ya pakamwa imati Undi woyamba anachoka kulikulu la Kalonga, cha ku Mankhamba kufupi ndi nyanja ya Malawi, atasemphana ndi abale ake pa nkhani ya kulowa ufumu. Sanachoke yekha. Anatenga akazi a kubanja lachifumu, pamodzi ndi Nyangu, amene m'mimba mwake ndimo mumachokera mafumu a Aphiri, nakamanga mudzi wake ku Mano, cha kumtsinje wa Kapoche, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete. Kuchokera kumeneko mphamvu yake inafalikira mpaka kwa Mkanda kumpoto, ndi kwa Ansenga kumadzulo, kufupi ndi Luangwa.

Dziko lalikulu chotere, lopanda misewu, lopanda kalata, analigwira bwanji? Mbali ina analigwira ndi ubale, poika adzukulu ndi alamu m'maufumu. Mbali ina analigwira ndi mvula, pakuti kachisi wa Makewana ku Msinja anali m'manja mwake. Koma chingwe chachitatu chinali mtulo, ndipo pamtima pa mtulowo panali lamulo limodzi losavuta kulikumbukira. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi njovuyo pakugwa sunali wake. Unali wa mwini nthaka. Mnyanga wa kumwamba mlenje ankatenga, koma wa pansi unkapita kwa mfumu, ndipo mfumu inkaupititsa kwa Undi pamodzi ndi zikopa za mikango ndi akambuku, makasu, ndi nthenga zofiira za mbalame.

Lamuloli linali ndi nzeru yake. Linkakumbutsa mlenje aliyense kuti nthaka imene njovu yagwerapo ili ndi mwini, ngakhale mlenjeyo atakhala katswiri wotani. Linkasonkhanitsanso chuma cha malonda pakhomo limodzi, kotero kuti wamalonda wofuna minyanga yambiri sakanachitira mwina koma kukagwada ku Mano. Ndipo dzina lakuti Gawa silinali lokometsera chabe. Nsalu ndi mikanda zimene Undi ankalandira posinthana ndi minyanga ankazigawiranso mafumu amene anatula mtulo. Mfumu yopita ndi mnyanga inkabwerako ndi nsalu paphewa, n'kukagawirakonso akuluakulu a kwawo. Kupatsa n'kuika, anatero akale. Malinga ngati nsalu inkatsika kuchokera ku Mano, minyanga nayo inkakwera kupita ku Mano.

Njira ya ku Tete

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, atatsata njira zimene amalonda achiswahili anali atazitsegula kale. Nsalu zimene ankagulitsa sizinali za kwawo ku Ulaya ayi. Zambiri zinkaombedwa ku India, m'dera la Gujarat, n'kuwoloka nyanja pa zombo mpaka pa chilumba cha Mozambique, kenaka ku Quelimane, n'kukwera Zambezi pa mabwato. Minyanga inkayenda njira yomweyo chobwerera. Ku India inkafunika kwambiri posema zibangili za akwati, chifukwa mnyanga wa njovu ya kuno ndi waukulu ndiponso wofewa posema kusiyana ndi wa njovu ya kumeneko. Tingoganiza: njovu yogwa m'tchire la Kapoche inkakathera pamkono wa mtsikana wa ku India pa tsiku la ukwati wake, ndipo nsalu yoombedwa m'mudzi wa mtsikanayo inkadzathera m'chiuno mwa mfumu ya Achewa. Awiriwa sanadziwane konse.

Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa, kugombe la Tanzania wa lero, nadutsa m'dziko la Amaravi. Zimene zinalembedwa za ulendo wake zikuonetsa bwino mmene zinthu zinalili pa nthawiyo. Atafika kwa mfumu yamphamvu Muzura, iye ndiye anayamba kupereka: nsalu, mikanda, mpaka kama wake wogonapo. Muzura anamubwezera minyanga ndi chakudya, namupatsa anthu omulondolera njira. Mzungu pa masiku amenewo anali mlendo wopempha njira, ndipo ankalipira pa mudzi uliwonse.

Tisaganizenso kuti makolo athu ankangogulitsa za m'tchire zokha. Ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo makasu a Amaravi ankagulidwa ku Tete ndi m'minda ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. Ankalima thonje n'kuomba nsalu yolimba yotchedwa machira, imene Apwitikiziwo ankaifuna kuti akagulire zinthu kwa mitundu ina. Pa malonda amenewa panalibe wopusa. Ndipo malondawo anatisiyira zipsera m'chilankhulo, zimene timazitchula tsiku ndi tsiku osazindikira. Nsapato, kalata, chipewa, mbatata, fodya, mbendera, kapitao, ngakhale kachasu amene abusa ndi ansembe akhala akulimbana naye zaka zonsezi, onsewa ndi mawu amene anakwera kuchokera ku Zambezi pamitu ya amtengatenga.

Pamene mlendo anaphunzira njira

Zinthu zinayamba kutembenuka cha pakati pa zaka za m'ma 1700, golide atapezeka m'dziko la Undi. Migodi inatsegulidwa ku Mano, ku Java, ku Chifumbaze ndi ku Missale. Amalonda a ku Tete, ena Apwitikizi, ena a ku Goa, ena obadwa kwa amayi a konkuno, anapempha chilolezo chokumba, ndipo Undi anawalola, iwo n'kumapereka nsalu monga mtulo. Kwa Undi nkhaniyi inali yachizolowezi: mlendo wapempha malo, wapatsidwa, adzalemekeza mwini dziko. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Koma mame awa sanakamuke. Eni migodi anabwera ndi magulu a akapolo, akazi ndiwo ankakumba ndi kutsuka dothi m'mitsinje, ndipo amuna, otchedwa Achikunda, ankanyamula mfuti. Mudzi wa pamgodi unasanduka kadziko kapakekake m'kati mwa dziko. Achikunda anayamba kusaka okha njovu, ndipo mlenje wa mfuti, wokhala ndi mbuye wake ku Tete, analibe chifukwa choperekera mnyanga wa pansi. Choopsa koposa chinali chakuti amalonda analeka kudikira ku Mano. Anayamba kupita okha kwa mafumu aang'ono ndi nsalu m'manja. Mfumu imene kale inkayenda masiku ambiri kukatula mnyanga kuti ilandire nsalu zochepa, tsopano inkalandira nsalu zambiri ili khale pakhonde pake. Ndani akanakana? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chingwe cha mtulo chinaduka ulusi umodziumodzi, popanda nkhondo yaikulu, popanda tsiku limene munthu angaliloze n'kunena kuti lero ufumu wagwa.

Pano pali chinthu chowawa chimene sitiyenera kuchilumpha. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi m'zaka za m'ma 1800, amalonda anayamba kufuna anthu koposa minyanga, oti akagwire ntchito m'minda ya nzimbe ku zilumba za m'nyanja ya India ndi ku Brazil. Ogula anali alendo, koma ogulitsa kawirikawiri anali eni mudzi. Milandu imene kale inkatha ndi nkhuku kapena khasu inayamba kutha ndi munthu. Mwana wamasiye, mkazi wopanda nkhoswe zolimba, mlendo wosochera, ndiwo ankayamba kupita. Ndimaona kuti pofotokoza mbiriyi timafulumira kuloza Mpwitikizi ndi Mwarabu, n'kuiwala kufunsa kuti mfuti ndi nsalu zija zinalowa m'nyumba ya yani.

Banja lina la ku Goa, la Pereira, linathandiza Undi pa nkhondo, ndipo linapatsidwa dera la Makanga. Zidzukulu zake zinakwatira m'mabanja achifumu, zinatenga maina a konkuno, n'kusandutsa Makanga ufumu wodziimira umene unkathira nkhondo Achewa omwewo. Pamene José Monteiro ndi António Gamitto ankadutsa m'dzikoli mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe ku Luapula, dzina la Undi linali likulemekezedwabe, koma mafumu a m'njira ankalipiritsa apaulendo aliyense payekha. Buku la Gamitto, limene linatuluka ku Lisbon mu 1854, ndi limodzi mwa mabuku akale ofotokoza mwatsatanetsatane za midzi, ng'anjo, maliro ndi milandu ya makolo athu. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo anadzapeza nyumba imene chiswe chinali chitaidya kale mizati.

Chomaliza chinali pepala. M'zaka za m'ma 1880 wamalonda wa minyanga wa ku Germany, Carl Wiese, anakhala kwa Mpezeni nalandira mapangano a malo ndi migodi. Mapepala amenewo anagulitsidwa ku Ulaya, ndipo mu 1895 anabala kampani ya North Charterland, imene inapatsidwa malo okwana masikweyamailosi 10,000 m'chigawo chino. Anthu anakankhidwira m'marizevu opanikiza, mpaka boma linatenganso malowo mu 1941. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linali litadula kale dziko la Undi, Mano n'kutsala kutsidya la malire. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira kuno ku Katete, ndipo n'chifukwa chake lero mafumu ena amafunika chiphaso cha pamalire kuti adzalambe.

Kutsidya la nyanja yaikulu

Nkhani yofanana ndi iyi inachitika ku America pa zaka zomwezo, ndipo kumeneko anthu amaichitanso sewero. Mu 1609 Henry Hudson, woyendetsa chombo cha Adatchi, analowa mumtsinje umene lero umatchedwa dzina lake. (Awa si Adatchi amene timawadziwa ife, a mishoni ya Magwero ya mu 1899, amene anachokera ku South Africa, awa anali a ku Holland kwenikweni.) Eni dzikolo anali Alenape, alimi a chimanga, nyemba ndi maungu monga ife. Mnyanga wawo unali chikopa cha kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, kofanana pang'ono ndi katumbu, kamene ubweya wake ankapangira zipewa ku Ulaya. Posinthana ankalandira nsalu, nkhwangwa, miphika ya mkuwa, mfuti ndi mowa.

Pa 5 Novembala 1626 mkulu wina wa ku Holland, Pieter Schagen, ali ku Amsterdam analemba kalata yonena za chombo chimene chinangofika kumene kuchokera ku America. M'kalatamo anawerenga zikopa za beaver 7,246, ndipo m'chiganizo chimodzi chokha ananena kuti chilumba cha Manhattan chagulidwa kwa eni dziko pa mtengo wa magilida 60. Chilumbacho ndicho pakati pa mzinda wa New York lero. Akatswiri a mbiri ambiri amati Alenape sanaone ngati akugulitsa nthaka, pakuti kwa iwo nthaka sinali katundu; anaona ngati akulandira mphatso ya mlendo wopempha malo okhalapo limodzi. Pofika 1643 Adatchi anali atayamba kuwapha usiku m'misasa yawo. Lero zidzukulu za Alenape zambiri zili kutali ndi kwawo, ku Oklahoma, ku Wisconsin ndi ku Ontario m'dziko la Canada, pamene chithunzi cha Mlenape ndi cha beaver zili pa chidindo cha mzinda wa New York.

M'malo osungirako mbiri a kumeneko muli midzi yomangidwa monga ya kale, monga mudzi wa Alenape wa ku Waterloo Village m'chigawo cha New Jersey, kumene ana a sukulu amapita kukaona ndi kukhudza. M'malo otere anthu amavala zovala za nthawi imeneyo, wina n'kuyala nsalu ndi nkhwangwa, wina n'kubwera ndi zikopa, ana n'kumaonerera kutsatsana malonda. Ndi njira yabwino yophunzitsira, pakuti mwana amene wanyamula chikopa m'manja saiwala msanga. Koma ili ndi msampha wake. Sewero lotere limakonda kuthera pa kugwirana chanza, onse akumwetulira, ndipo zimene zinatsata pambuyo pake sizioneka. Kwa zaka zambiri ovala ngati Alenape sanali Alenape, ndipo zidzukulu za eni nkhani zakhala zikupempha kuti mbiri yawo aziifotokoza okha.

Pamenepa ife tili ndi mwayi umene iwo anaulandidwa. Pa Mkaika palibe wobwereka nkhope ya mwini wake. Amene akutula mphatso ndi mfumu yeniyeni, yolowa dzina la amene ankatula mnyanga, ndipo amene akulandira ndi Kalonga Gawa Undi Mkhomo, amene analowa ufumu mu 2004.

Zimene bwalo silionetsa

Makolo athu sanadikire azungu kuti awaphunzitse sewero la mbiri. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, wakhala akusunga nkhope za alendo onse amene anadutsa m'dziko muno: Mngoni ndi chishango chake, wamalonda wa akapolo, mzungu wa nkhope yofiira, ngakhale galimoto. Pakati pa zilombo zolemekezeka koposa pali Njovu. Tikudziwa tonse kuti pakati pa Mpingo ndi dambwe panali mkangano wautali, ndipo si pano pouthetsera. Komabe amene anafikapo ku Mua, ku malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anaona mazana a nkhope zimenezi atazisunga ndi kuzifotokoza.

Chimene chikusowa ndi msika weniweniwo. Timaona mtulo ukuperekedwa, koma wamalonda wa ku Tete, amene ankayembekeza kuseri kwa mpanda ndi mitolo yake ya nsalu, sitimuona. Sitiona Gawa akugawa. Achinyamata athu a m'maparishi ndi m'masukulu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amadziwa kuchita masewero, ndipo ambiri a masewerowo ndi a mlamu woledzera ndi apongozi aukali. Bwanji osayesako iyi? Zofunika n'zochepa: mnyanga wosema pa mtengo n'kuupaka laimu (weniweni ayi, pakuti malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo kupezeka nawo popanda chilolezo ndi mlandu wa ndende), zitenje zingapo, mikanda ya agogo, ndi khasu lakale.

Ndikanakhala wolemba sewerolo, ndikanaligawa patatu. Poyamba mlenje abwere ndi minyanga iwiri, akulu atsutsane kuti wagunda pansi ndi uti, pakuti mikangano yotere siinalephere kukhalapo, ndipo owonerera adzaseka. Kachiwiri wamalonda agwade, alipire njira, atsatse nsalu, ndipo amayi aikane kuti ndi yopyapyala poyerekeza ndi machira. Wamalondayo asakhale chilombo cha nyanga. Akhale waulemu, wodziwa kupereka moni, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka, popeza mlendo woopsa sabwera akukuwa. Kachitatu, wamalonda yemweyo afike usiku pakhomo la mfumu yaing'ono, ayale nsalu zowirikiza kawiri, ndipo mfumuyo ikhale chete nthawi yaitali. Ochita sewero asaiweruze msanga. Ili ndi ana ambiri, kunali chilala, ndipo Mano ndi kutali. Sewerolo lisathere pa kugwirana chanza. Lithere m'mawa mwake, mayi wina akufunafuna mwana wa malemu mchemwali wake amene sanagone m'nyumba.

Owonerera sadzavutika kumva, chifukwa wamalonda uja sanachoke. Msewu wochoka pa Katete kudzera pa chipata cha Chanida ukupitabe ku Tete, ndipo malole olemera amatsika nawo kulunjika ku doko la Beira. Ku Vubwi anyamata ndi amayi akhala akukumba ndi kutsuka dothi kufuna golide, kufupi ndi migodi yakale ya kutsidya la malire, ndipo ogula amawapeza konko kutchire ndi kasikelo m'thumba. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kuti malo a makolo asandutsidwe a pepala, a zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomera. Pepala likatuluka, malowo sabwereranso m'manja mwa mudzi mwa kungoomba m'manja pabwalo. Banja limene lalandira ndalama za malata ndi njinga yamoto limaona ngati lachereza mlendo, pamene mlendoyo m'chikwama mwake muli chikalata chonena kuti wagula.

Chaka chino mukapita ku Mkaika, tengani ana, ndipo musawasiye ku misika ya kunja kwa bwalo. Akhale pafupi pamene mafumu akuitanidwa, awerenge kuti ndi angati achokera kutsidya la Chanida. Mbuzi ikamakokedwa kupita kutsogolo, auzeni kuti pamalo pa mbuziyo pankadutsa mnyanga wolemera woti anyamule amuna awiri, ndipo muwafunse ngati akudziwa chifukwa chake unali wa pansi, osati wa kumwamba.